Boti Lomwe Linalira Popita

Nkhono za Mayi Ok zinabedwa Lamulungu masana, chilumba chonse cha Dumi chili m'tchalitchi. Anali matumba a ukonde makumi awiri, odzaza ndi nkhono za m'nyanja zimene mayi wamasiyeyo anazilera zaka zitatu m'makola ake oyandama. Loweruka anazisankha nazipachika m'madzi kuti zidikire wogula wa Lolemba, poti pa Dumi munthu sakhudza chingwe cha boti tsiku la Ambuye. Lolemba m'mamawa anakapeza zingwe zokhazokha, zodulidwa ndi mpeni.

Dzuwa lisanakwere anthu anali atamupeza kale wakubayo. Anali Wi Dong-chan, amene anabwerera kuchokera ku tauni chaka chatha kudzatenga malo a m'nyanja a malemu bambo ake. Munthuyu sankapemphera.

Tak Sun-gil, dikoni wa mpingo komanso mmisiri wa mainjini yekhayo pachilumbapo, anaitanidwa ku ofesi ya bungwe la asodzi. Anapeza anthu atadzaza mpaka pakhonde. Mkati munali Sajeni Chu, wapolisi wamkazi amene anabwera ndi sitima ya m'mawa, ndipo pakona panakhala Dong-chan, manja ali m'matumba.

"Ndanena kale, ndinali kumanda kwa bambo anga," Dong-chan ankatero. "Dzulo linali tsiku lomwe anamwalira. Ndinawathirira mowa wa mpunga, ndinagwada, ndinatsika. Mukufuna mboni? Kafukuleni mkuluyo mumufunse."

"Mwamumva?" anatero Mayi Ok, akumuloza chala. "Kupembedza akufa n'kumabera amoyo. Zaka zitatu, iwe. Manja angawa wawaona? Udya thukuta la wamasiye n'kukhuta?"

"Nkhono sindidya n'komwe, azakhali. Zimanditupitsa mimba."

Pakhonde wina anatukwana. Pamenepo anaimirira Bong Man-ho, mkulu wa mpingo ndi wapampando wa bungwe. Anali mlamu wake wa Tak, mchimwene wa mkazi wake.

"Abale, tisaweruze ndi mkwiyo," anatero ndi mawu ake ofatsa aja a paguwa. "Koma lamulo la bungwe mukulidziwa. Munthu akakwezedwa sitima ali m'manja mwa apolisi, malo ake a m'nyanja amachoka m'dzina lake tsiku lomwelo. Sitima inyamuka 4 koloko. Ine ndikumva chisoni, koma sindingathyole lamulo."

Sajeni Chu anatembenukira kwa Tak. "Inu ndinu a mainjini? Mkulu wina wolumala anaona boti lofiira la bamboyu likutuluka mapemphero atangoyamba, n'kubwerera litalemedwa mapemphero asanathe. Madzi a pakamwa pa doko anaphwa cha m'ma 12 koloko, moti pambuyo pake boti silikanalowa. Ndikufuna mundilembere kuti botilo likhoza kupita kumakola n'kubwerera mu ola limodzi."

"Lopanda kanthu likhoza kupita kawiri."

"Basi, lembani."

"Ndati lopanda kanthu, a Sajeni."

* * *

Mboniyo inali Pyo, amene kale ankayendetsa injini ya sitima. Matenda a shuga anamudula mwendo, ndipo masiku ake onse ankathera pakhoma la pamwamba pa doko, akusuta ndi kunyoza odutsa.

"Wabwera kudzanditembenuza, Sun-gil? Mulungu wakoyo abweze kaye mwendo wanga."

"Ndimakupemphererani m'mawa uliwonse, akulu."

"Ndiye chifukwa chake winawu wayambanso kuwawa. Ukufuna chiyani?"

"Munamuona nkhope woyendetsa botilo?"

"Nkhope iti? Jekete lachikasu, chipewa cha nsalu yophimba mpaka m'maso. Ndi mmene mumavalira nonse. Mukanakhala nkhuku bwenzi mwini wake sakukusiyanitsani."

"Nanga injini inkamveka bwanji?"

Pyo anachotsa fodya pakamwa, namuyang'ana Tak kwa nthawi. "Wapolisi uja sanafunse zimenezo. Anangofunsa mtundu wa boti, ngati akugula siketi." Analavula. "Popita inkalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Ndinati chitsiru ichi chiphulitsa injini. Koma pobwera, boti litamira mpaka m'milomo, inkaimba bwino kuposa kwaya yanu ija. Mawu amodzi, osakwera, osatsika."

"Linalowera kuti?"

"Linakhota kuseri kwa thanthwe, kumakola amkati. Patapita kanthawi linadzaima pamalo pake. Pamenepo nyumba ya ayezi imanditchinga, sindinaone amene anatsika."

"Mukutsimikiza kuti inalira popita? Osati pobwera?"

"Iwe, anandidula mwendo, osati makutu."

Tak anatsika chitundacho pang'onopang'ono. Pulopela ya boti lofiira anaisankha yekha naimanga ndi manja ake. Boti limenelo silikanalira popita.

* * *

Anapempha matumba a mchere makumi awiri ku nyumba yosungira katundu ya bungwe. Amuna anawanyamula akung'ung'udza.

"A Dikoni asanduka loya wa akunja tsopano?" wina anatero.

"Nyamulani, achimwene. Choonadi sichiopa mchere."

Analowa atatu m'boti lofiira: Tak pachiwongolero, Sajeni Chu ndi wotchi m'manja, ndi Dong-chan atakhala pamatumba. Anayamba apita kumakola a Mayi Ok, ndipo kuchokera kumeneko Tak anatsegula mafuta onse. Injini inabuula. Mphuno ya boti inakwera m'mwamba, kumbuyo kunakhala m'madzi, ndipo botilo linkangokankha nyanja ngati ng'ombe yotopa.

"Lathyoka?" anafunsa Sajeni.

"Ayi, likuchita zomwe linapangidwira. Pulopela ndi phazi la boti, a Sajeni. Ina imaponda patali, ina imaponda pafupi. Munthu wopanda katundu amatambasula miyendo, koma mukamusenzetsa thumba amafupikitsa mapazi, apo ayi agwa. Uyu amanyamula alendo a mbedza ochokera ku tauni, anthu atatu ndi mabotolo awo. Anandiuza kuti akufuna liwiro, ndiye ndinamumangira yoponda patali, nambala 21. Ndinamuchenjeza kuti asadzanyamulire katundu."

"Munati ndidzalira," anatero Dong-chan. "Ndikulira kale."

"Asodzi onyamula chakudya cha nkhono amamanga yoponda pafupi, monga nambala 13," Tak anapitiriza. "Imeneyo boti likakhala lopanda kanthu injini imathamanga mopitirira muyeso, n'kumalira. Mukalisenzetsa, imakhazikika. A Pyo anamva kulira popita ndi kuimba pobwera."

Anafika pakamwa pa doko patatha mphindi makumi asanu, ulendo wobwerera wokhawo. Sajeni anayang'ana wotchi kawiri.

"Dzulo likanakhala pamchenga mpaka madzulo," anatero Tak, "anthu onse akuliona potuluka m'tchalitchi."

"Ndiye kuti anasintha pulopela."

"Wina anasintha, inde. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo kuno makiyi timasiya m'boti."

"Wina? Bamboyu. Anasintha, anaba, anabwezera yakeyo, inayo n'kuiponya m'nyanja. Simunamuchotse m'manja mwanga, a Dikoni."

Dong-chan anaseka mowawa. "Mwaona? Chibwerereni palibe wandipatsa moni. Alamu anu okha, a Dikoni. Iwo ndiwo anagwiritsa ntchito malo a bambo anga zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, koma nditawatenga anandigwira chanza akumwetulira. Ena onsewa amalavula ndikadutsa, ngati ndinawalanda kanthu."

Tak anapendeketsa injini nayang'ana pa nati yomangira pulopela. Girizi wake anali watsopano, wosada.

"Pulopela silowa pa injini iliyonse," ananena motsitsa mawu. "Mano ake ayenera kugwirizana ndi a chitsulo chozungulira. Iyi ili ndi mano khumi ndi asanu. Nambala 13 ya mano amenewa sindinamugulitsepo uyu. Pachilumba pano mainjini otere alipo awiri okha."

"Inayo ndi ya ndani?"

Tak anapukuta zala zake pansanza, chimodzi chimodzi.

"Ndikumbukire kaye," anatero.

Linali bodza lake loyamba m'zaka zambiri.

* * *

Kunyumba, mkazi wake Sun-ae anali ataika kale mpunga, msuzi wa ndere ndi kabichi wa tsabola patebulo. Tak anadalitsa chakudya mwachidule kuposa masiku onse.

"Akuti mwakhala mukuyendetsa mchere panyanja," anatero Sun-ae. "Amayi a ku chigwirizano andiimbira atatu. Mukufuna tisamuke pachilumba pano?"

"Dzulo alamu anakhala pati?"

"Achimwene? Si ndiwo anatsegula ndi pemphero? Kapena munkagona kuseri kwa makina anu a zokuzira mawu?"

"Pambuyo pake. Mpando wawo unali wopanda munthu. Ine ndimayesa anapita kukhitchini kukathandiza kunyamula miphika."

"Kukhitchini ndinaliko ine, sanabwere. Anali m'tchalitchi. Nsapato zawo zakuda zija zinali pakhomo, pafupi ndi zanga. Ndinaziona potuluka ulaliki utayamba, ndinazionanso pobwerera. Munthu angapite kuti wopanda nsapato?"

Pa Dumi aliyense amavula nsapato polowa m'nyumba ya Mulungu, ndipo aliyense ali ndi majombo ake kudoko. A m'tchalitchi ankayesa Bong ali kukhitchini. A kukhitchini anaona nsapato. Ndipo abusa dzulo analalikira ola lathunthu ndi theka.

"Bwanji mukufunsa?"

"Palibe."

Sun-ae anaika supuni pansi. "Bambo a Sora, ndakhala nanu zaka makumi atatu. Mukanena kuti palibe, khutu lanu lamanzere limafiira."

Tak anaimirira, mpunga uli theka, natenga sipanala yake yaikulu pakhomo.

* * *

Boti la Bong linali pamtunda kuseri kwa nyumba ya ayezi, litakwezedwa pamitengo kuti lipakidwe utoto. Tak ankadziwa tsiku lomwe linatuluka m'madzi, poti iye mwini anathandiza kulikoka. Panali patapita masiku asanu ndi anayi, onse a dzuwa loswa mtengo. Injini inali yophimbidwa ndi chiguduli.

Anapemphera kuti akhale wolakwa, kenako anavundukula.

Nambala 13 inali yodindidwa pachitsulo. Nsonga za mapiko atatu onse zinkanyezimira, zitapalidwa ndi mchenga posachedwapa, monga zimachitira boti likadutsa pakamwa pa doko madzi akuphwa. Pakati pa pulopela panakulungika kachingwe ka ndere. Tak anakakhudza. Kanali kobiriwira, kofewa, konunkha nyanja.

"Mukufuna chiyani pa boti langa, alamu?"

Bong anali ataima kumbuyo kwake, atavala jekete la misonkhano.

"Ndere zaziwisi, alamu. Pa boti lomwe lili pamtunda masiku asanu ndi anayi."

"Mphepo imaulutsa zinthu."

"Mphepo sipala mapiko ndi mchenga. Pulopelayi ndinakusankhirani ndine. Munati mukufuna yokoka chakudya cha nkhono, ndinati tengani 13, simudzadandaula."

Bong anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu. Atalankhulanso, mawu a paguwa aja anali atachoka.

"Malo a bambo a Dong-chan aja ndinawapeza ali zingwe zowola. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Sun-gil. Nangula aliyense ndinamiza ndine. Mkulu uja akudwala ndani ankamupititsa kuchipatala? Mwana wakeyo anali kuti? Lero abwere ndi magalasi akuda, atenge zonse, azithira mowa pamanda tsiku la Sabata, ife tikuimba pansi pa phiri lomwelo? Wolowerera akabwera atalapa timamuphera ng'ombe. Uyu walapa chiyani?"

"Nanga Mayi Ok analakwanji?"

"Nkhono zawo zili moyo, zili m'khola langa. Lachitatu ndikazipeza zitakodwa pathanthwe, ndikawabwezera, mpingo wonse uyamika. Palibe ataye kanthu koma wakunja mmodzi."

"Ndi umboni wonama, alamu. Mwauchita ndi boti m'malo mwa pakamwa, koma ndi womwewo."

"Usandiphunzitse malamulo, iwe. Unafika pano ndi kathumba kamodzi. Nyumba ya mainjini imene umadyerayo anakusiyira ndani? Bambo anga. Anakupatsa ntchito, anakupatsa mwana wawo. Ukamuyang'ana bwanji Sun-ae? Sora akabwera patchuthi ukamuuza kuti amalume ake ali kuti?"

Zonsezo zinali zoona.

Bong anakonza kolala ya jekete lake, nkhope yake n'kubwerera mwakale. "Ine sindikhudza kanthu. Chala chimodzi chokha, mlamu, nderezo zigwa. Mawa dzuwa liumitsa zotsalazo. Ndikupita kukatsegula msonkhano."

Anachoka osacheuka, ngati munthu wodziwa bwino amene wamusiya m'mbuyo.

Tak anakhala pa mtengo umodzi wa pansi pa botilo. Anayesa kuimba chamumtima, koma nyimbo zonse zomwe anazidziwa kuyambira ubwana zinamuthawa. Anaganiza za Dong-chan, munthu wamwano amene sanamuthokozepo ngakhale kamodzi. Akanakhala munthu wabwino zikanaphweka. Koma palibe pamene panalembedwa kuti mnansi ayambe wakhala wabwino.

Kutali, kuseri kwa thanthwe, sitima inaliza lipenga.

* * *

Chilumba chonse chinali padoko. Sajeni Chu anali atagwira Dong-chan pamkono, ndipo amayi ena ankamuponyera mawu ngati miyala. Bong anaima pambali ndi pepala la bungwe lolanda malo a Dong-chan, mutu uli wowerama ngati wa pamaliro.

Tak anadutsa pakati pawo atakumbatira chiguduli. Anachiika pa simenti patsogolo pa Sajeni, nachifunyulula.

"Ndakumbukira, a Sajeni. Injini inayo ndi ya a Bong Man-ho. Pulopela yake ndi iyi. Botilo lili pamtunda masiku asanu ndi anayi, koma khudzani nderezi."

Phokoso linabuka.

"Wapenga mkuluyu."

"Mlamu wake weniweni? Wadya chiyani kwa wakunjayu?"

"A Dikoni, opani Mulungu," anatero Mayi Ok. "A Bong ndiwo ananyamula bokosi la mwamuna wanga."

"Ndikumuopa, mayi. Ndi chifukwa chake ndabwera."

Sajeni anagwada, nafinya nderezo pakati pa zala, nanunkhiza. Anayang'ana Bong.

"Mkulu, makola anu ali kuti?"

"Mlamu wanga watopa, a Sajeni. Dzuwa la pa boti lija."

"Ndafunsa makola."

"Kuseri kwa thanthwe," Pyo anakuwa ali pakhoma lake pamwamba. "Khola lachitatu kuchokera kumtunda. Pitani, ine ndikusungirani sitimayi."

Woyendetsa sitima anavomera kudikira theka la ola. Tak anamanga nambala 13 pa boti lofiira anthu akuona, ndipo inalowa pa mano onse ngati kwawo. Atatsegula mafuta, injini inalira mokweza mpaka ana anatseka makutu.

Botilo linapita kukhola la Bong n'kubwerera ndi matumba makumi awiri, lililonse lomangidwa pakamwa ndi kansalu kofiira ka Mayi Ok. Mayiwo anakhala pansi pa simenti, nagwira thumba limodzi ngati mwana, osayang'ana munthu aliyense.

Sajeni anasiya mkono wa Dong-chan nagwira wa Bong. Pepala la bungwe linatengedwa ndi mlembi, amene analipinda kanayi n'kuliika m'thumba.

Bong podutsa pafupi ndi Tak anaima. "Usadzapondenso pamanda pa bambo anga," anatero motsitsa.

Dong-chan ankasisita mkono wake. "Musayembekeze kundiona m'tchalitchi chifukwa cha zimenezi, a Dikoni."

"Sindinakugule, mwana wanga. Malo ako ndi ako. Kachotse pulopela ya eni ake pa boti lako, a Sajeni akuifuna."

Anthu anapatuka kumupatsa njira Tak, koma palibe anamuyang'ana kumaso. Kumapeto kwa doko kunaima Sun-ae. M'manja mwake munali kachikwama, ndipo pakamwa pa kachikwamako pankaoneka juzi ndi mswachi. Anali atathamangira kale kunyumba kwa mchimwene wake kukamutengera zimenezi.

"Munadziwa nthawi ya chakudya ija," anatero.

"Ndinkaopa. Ndinadziwa pambuyo pake."

"Mukanandiuza ine kaye."

"Ukanatani, mayi a Sora?"

Sun-ae anayang'ana sitima, kumene mchimwene wake ankakwera makwerero, wapolisi ali pambuyo.

"Ndikanakugwadirani kuti mukhale chete. Ndipo mukanandimvera."

"Ndikanakumvera," anatero Tak.

Mkaziyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamudutsa, nakwera makwerero a sitima ndi kachikwama kaja. Tak anadikira kuti aone ngati atsika. Ogwira ntchito anamasula chingwe choyamba, kenako chachiwiri, Sun-ae ali chikhalire pambali pa mchimwene wake.